Mandatory Fun: nthabwala zoyamba ndi odi

Ntchito yanga ndi kuimba kiyibodi m'maukwati ndi m'maphwando a kitchen party muno mu Lusaka, ndiye kuti ndimadyera nyimbo za eni ake. Alamu anga atabwera kuchokera ku America anandiponyera CD ya Mandatory Fun, amvekere, "Alamu, mnzanu uyu. Nayenso amaimba za eni ake, kungoti iye analemera nazo." Chimbalechi ndi cha "Weird Al" Yankovic ndipo chinatuluka pa 15 July 2014. Chakhala chikulira m'kabasi kathu konyamulira zida mpaka anyamata a bandi analoweza malo osekera. Ukale wakewu wandithandiza. Nyimbo yotembenuza, ija yoika mawu anthabwala pa chuni cha mwini, imaseketsa aliyense pamene yoyambayo ikadali pa wailesi iliyonse, koma zikadutsa zaka 10 m'pamene umadziwa ngati ingayende yokha.

Kwa amene simumudziwa, mkuluyu anabadwa mu 1959 ku California. Anayamba kuphunzira akodiyoni ali ndi zaka pafupifupi 7, ndipo kukoleji anaphunzira zojambula mapulani a nyumba, ntchito imene sanaigwire n'komwe. Nyimbo imene inamutsegulira njira, My Bologna, anaijambulira m'chimbudzi cha pakoleji mu 1979 chifukwa mawu ankamveka bwino mmenemo, ndipo woulutsa mawu wotchedwa Dr. Demento ndiye anaifalitsa pa wailesi. Ambiri anamudziwira pa Eat It ya mu 1984, pamene anatenga Beat It ya Michael Jackson n'kuisandutsa kholo lokalipira mwana wokana kudya. Kuyambira pamenepo njira yake ndi yomweyo. Amatenga nyimbo imene yavuta m'dziko, chuni n'kuchisiya momwemo, mawu onse n'kuwakhuthula, m'malo mwake n'kuikamo nkhani ya zii, monga chakudya, ulesi kapena zovala. Mandatory Fun ndi chimbale chake cha nambala 14. Muli nyimbo 12, mphindi pafupifupi 45. Zisanu ndi zotembenuza, imodzi ndi polka (nyimbo yovina yothamanga ya pa akodiyoni) yosakaniza nyimbo zambiri, ndipo 6 zotsalazo anapeka yekha motsanzira kaimbidwe ka magulu ena.

Chimene makutu anga anayamba kugwira si nthabwala, koma bandi. Anthu amaganiza kuti kutengera nyimbo ya wina n'kophweka. Yesani kaye. Happy ya Pharrell Williams ife taiimba m'maukwati osawerengeka, akwati akulowa muholo, ndipo ndikuuzani kuti ya ife imamveka yoonda. Nyimbo ija imathamanga kwambiri, ili mu F minor, ndipo mphamvu yake ili pa kuwomba m'manja ndi kakwaya koyankha kumbuyo. M'manja mochokera mu kiyibodi yanga mumamveka ngati ana awiri atopa. Tsiku lina pokonzekera ukwati, mu galaja imene timabwereka ku Kaunda Square, ndinayesa anyamata. Ndinaika chiyambi cha Happy, n'kuimitsa mawu asanalowe, kenako chiyambi cha Tacky, imene ndi Happy yotembenuzidwa. Ndinati anene yeniyeni. Woimba besi analoza ya Yankovic ndi mtima wonse. Wa ng'oma anati ndibwereze, anatsinzina, kenako anangopukusa mutu, "Awe ba kiyibodi, mwaika imodzi kawiri."

Chinsinsi chake n'chakuti mkuluyu sagula zing'wenyeng'wenye zojambula kale. Gulu lake limaimbanso chilichonse kuyambira pansi, ndipo ndi anthu omwewo kwa zaka zambirimbiri: Jon "Bermuda" Schwartz pa ng'oma kuyambira mu 1980, Steve Jay pa besi, Jim West pa gitala. Ife kuno bandi ikatha zaka zitatu osakangana za ndalama timachita kuthokoza Mulungu. Ndipo kuimba kolondola kumeneku ndiko kumanyamula nthabwala. Bandi ikanati iziseka nawo, kuimba mophotchola dala, zikanakhala zachibwana. Koma iwo amaimba nkhope ili gwa, ngati ali pa mpikisano, pamene mwini wake akuimba za kuvala masokosi ndi masandasi.

Tacky ndi imene yakalamba bwino pa zotembenuza zonse. Ndi munthu wonyadira kusowa kwake manyazi, wovala zosagwirizana, woumira, wolankhula zosayenera pagulu. Pali pomwe amadzitama kuti amajambula zithunzi pa maliro pamodzi ndi womwalirayo. Mu 2014 mwina zinali zokokomeza. Lero pitani ku Leopards Hill kapena ku Chingwere Loweruka, muone mafoni mmene amakwerera m'mwamba bokosi likamatsika, ena akuulutsa pa Facebook pompopompo, wina akukonza wigi kaye asanayambe kulira. Pamenepo nthabwala ya Mzungu wa ku California inatipeza pakhomo. Vidiyo yake anaijambula mongopitirira osadula, m'nyumba ina ya zisudzo ku Los Angeles, ndipo muli Jack Black akuvina ngati wagwidwa ndi magetsi.

Handy, yochokera ku Fancy ya Iggy Azalea, ndi mmisiri wodzichemerera kuti palibe chomukanika, mipope, matailosi, madenga, zonse. Aliyense amene anawerengapo timapepala tokhomedwa m'mitengo, kapena anaimapo mu Alick Nkhata Road ku Kalingalinga kufunsa mtengo wa geti, amudziwa munthu ameneyu. Ndi yabwino, koma Fancy inaiwalika msanga, ndiye achinyamata amene ndawamvetsera amangoiona ngati rap wamba ya madala. Inactive, yochokera ku Radioactive ya Imagine Dragons, ndi ya munthu waulesi womatirira pa sofa. Nthabwala yake ndi imodzi ndipo imatha vesi yoyamba isanathe. Ndimaidumpha.

Foil, yochokera ku Royals, ndiyo inandigwetsa. Royals ya Lorde, mtsikana wa ku New Zealand amene anali ndi zaka 16 pomwe inkatchuka mu 2013, ndi nyimbo yopanda katundu wambiri: kukhwatchitsa zala, ng'oma yolemera, mawu osanjikizana, basi. Yankovic amayamba ndi nkhani ya kukulunga chakudya chotsala mu foyilo kuti chisaole. Amayi a kunyumba anali kukhitchini akuvundikira mkute ndi mbale pomwe ndinaiika, ndipo ndinkawamasulira mzere ndi mzere. Anati, "Abambo ake, ndiye munthu wamkulu n'kulowa mu situdiyo kuimba zimenezo?" Tili pomwepo vesi yachiwiri inalowa, ndipo woimba yemweyo, ndi mawu ofatsa omwewo, anayamba za Illuminati, za boma lachinsinsi lolamulira dziko lonse, za ndege zakuda zomuzonda, mpaka foyilo uja anamupanga chipewa choti asamuwerenge maganizo. Amayi anaika mbale pansi. Anaseka mpaka kugwira chitseko, kenako anatchula wachibale wathu wina amene amatumiza zoterezi pa gulu la banja la WhatsApp usiku uliwonse. Nyimboyi sikwana n'komwe mphindi ziwiri ndi theka. Anadziwa kuti nkhonya yafika, n'kuchokapo.

Tsopano Word Crimes, imene ambiri amati ndiyo mfumu ya chimbalechi, ndipo inafika pa nambala 39 pa mndandanda wa Billboard Hot 100. Anatenga Blurred Lines ya Robin Thicke, nyimbo imene inadzudzulidwa kwambiri chifukwa cha mmene inkanenera akazi, n'kuisandutsa phunziro la galamala ya Chingerezi. Pa luso palibe chonena. Mawu ndi ochuluka, othamanga, ndipo lililonse limagwera pa malo ake penipeni pa makodi awiri okha aja a G ndi D, kabelu kakugogoda kumbuyo. Amene anayesapo kulemba mawu atsopano pa chuni cha mwini adziwa kuti chovuta ndi kuchititsa kuti mawuwo agunde pomwe akale ankagunda. Apa sanaphonye.

Koma ine nyimboyi sindiikonda mmene anzanga amaikondera, ndipo chifukwa chake ndi Lusaka. Ku America akuseka anthu olakwitsa chilankhulo chimene anayamwira. Kuno Chingerezi tinachipeza kusukulu, ambiri a ife ndi chikwapu, ndipo amene anakula nthawi yathu akukumbuka chilango cholankhula chinenero cha kwanu m'kalasi. Mpaka lero munthu akhoza kunena zanzeru pa msonkhano, koma akasokoneza L ndi R, anthu amatola chimenecho n'kusiya mfundo. Ndiye ndikamamva woimba akutcha anthu zitsiru chifukwa cha kalembedwe, ndimaona nkhope ya munthu uja amene amakonza Chingerezi cha uthenga wa maliro pa gulu, anzake akulira. Mphunzitsi wina amene timapemphera naye anati amaiika m'kalasi ndipo ana amagwira msanga, ndipo sindikutsutsa. Kungoti pa chimbale chonse, iyi ndi yokhayo imene imaluma munthu, ndipo imaluma wapansi. Munalinso liwu lina lonyoza anthu olumala limene ku Britain linakwiyitsa anthu, mpaka mwini wake anapepesa.

Izi zikundifikitsa pa chimene ndinachiona nditamvetsera kwa nthawi. Pa zotembenuza zisanu zonsezi palibe imene imaseka mwini nyimbo. Lorde sakhudzidwa, Pharrell sakhudzidwa, ngakhale Robin Thicke amene anali chandamale chophweka amatuluka wopanda bala. Yankovic amangobwereka chuni. Ndipo sabwereka mwakuba, amayamba waodira. Malamulo a ku America amapereka mpata ndithu kwa otembenuza nyimbo mwanthabwala, koma iye anadziikira lamulo lake loti mwini akakana, basi yafera pomwepo. Prince anamukana nthawi zonse mpaka kumwalira kwake mu 2016. Pa chimbale chino, anthu a Pharrell atachedwa kuyankha, anamulembera yekha mwini wakeyo ndipo anavomera. Kwa Iggy Azalea anachita kukwera ndege kupita ku Denver kukamudikirira kuseri kwa siteji. Amasamala chonchi chifukwa anapsapo mu 1996, pomwe woimba rap Coolio anakwiya ndi Amish Paradise, yotembenuza nyimbo yake, ngakhale pambuyo pake anagwirizana. Chodabwitsa n'chakuti amene anakokeredwa kukhoti ndi eni ake a Blurred Lines. Mu March 2015 khoti linagamula kuti anatengera Got to Give It Up ya Marvin Gaye ya mu 1977, ndipo analamulidwa kulipira banja lake madola mamiliyoni angapo. Wotengera poyera uja anangodutsa bwinobwino.

Nthabwala zake zili ngati chimbuya chathu ndi Abemba. Wa ng'oma wathu amanditukwana za mbewa tsiku lililonse, ine ndimamubwezera za anyani, pa maliro timapakana ufa, koma tonse tikudziwa malire ndipo palibe amene amagona ndi mkwiyo. Ndi zokoma, ndipo n'chifukwa chake mkuluyu wakhala zaka zoposa 40 osadana ndi anthu. Koma ife tikudziwanso kuti nyimbo yotembenuza ikhoza kukhala ndi mano. Mu June 2015, pasanathe chaka chitulukire Mandatory Fun, woimba Pilato anamangidwa muno mu Lusaka chifukwa cha Alungu Anabwela, imene anatembenuza kuchokera ku nyimbo yakale ya Nashil Pichen Kazembe, ya a Phiri obwerera kumudzi ndi sutikesi yopanda kanthu. Iye anailozetsa kwa pulezidenti wa nthawiyo, Edgar Lungu. Mlanduwo boma linadzausiya. Kaya munkagwirizana naye kaya ayi, njira inali yomweyi, chuni chodziwika ndi mawu atsopano, koma uyu anagona nayo m'chitokosi. Ndiye poona chikuto cha Mandatory Fun, Yankovic atavala yunifolomu ya usilikali, nkhope ili m'mwamba, kumbuyo kuli kofiira ngati zithunzi zokopa anthu za maboma achikomyunizimu, ndinayembekeza kuti mkatimo muli ndale. Mulibe olo pang'ono. Chikutocho ndi sewero chabe. Sindikumuimba mlandu, iye sanalonjezepo kuti ndi womenyera ufulu, koma wogula adziwiretu.

Kumene chimbalechi chimandigwira kwenikweni ndi ku nyimbo zopeka yekha, zimene anthu ambiri amazidumpha chifukwa sazizindikira. Mission Statement aliyense wogwira ntchito mu ofesi kapena m'mabungwe aimve. Ndi mawu okhaokha a m'misonkhano ya makampani, aja ataliatali omveka anzeru koma ukawafinya osatuluka kanthu, oimbidwa ndi magitala ofatsa ndi mawu atatu olukana mokoma motsanzira gulu la Crosby, Stills & Nash. Ine ndaimbapo pa madina otsekera mawekishopu m'malodge a ku Chongwe ndi ku Siavonga, ndikudikira kuseri kuti bwana amalize kulankhula, ndipo ndikulumbira kuti zolankhula zina ndinazimvanso mu nyimboyi liwu ndi liwu. Vidiyo yake anakaitulutsira pa tsamba la nyuzipepala ya zamalonda ya Wall Street Journal, kwa eni ake chinenerocho.

First World Problems, yotsanzira gulu la Pixies ndi magitala ake okalipa, ndi madandaulo a munthu wokhuta: nyumba yakula kwambiri moti WiFi sifika kukhitchini, wagula zakudya zambiri moti sizikukwana mu filiji, wantchito akutsuka kubafa ndiye iye sangasambe. Tinaimvetsera bwino mu 2024, chaka cha chilala chija madzi atatsika ku Kariba, malaiti akumapita pafupifupi tsiku lonse. Tinali m'kabasi, injini ikulira kuti titchaje mafoni, nyama ya mu filiji kunyumba titaiyanika kale. Woimba besi anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Mavuto amenewa andipatseko sabata imodzi yokha." Apa tinaseka mosiyana ndi mmene Amereka amasekera. Iwo amadziseka okha, ife timaseka iwowo, komanso timaseka anzathu ena a ku Kabulonga ndi ku Ibex Hill amene afika kale pa madandaulo amenewa.

Lame Claim to Fame ndi ya munthu wodzitama ndi anthu otchuka amene sanacheze nawo n'komwe, uja woti mlongo wa mnzake anaimapo pa mzere umodzi ndi wakutiwakuti. Mayina ake ndi a ku Hollywood ndiye ena amatidutsa, koma mtundu wa munthuyo tili nawo. Chipolopolo itatenga chikho ku Libreville mu 2012, theka la Lusaka linapezeka kuti linaphunzira sukulu imodzi ndi osewera. Sports Song ndi My Own Eyes ndi zodzazira malo. Yoyambayo ndi ya bandi ya malipenga ya m'makoleji a ku America, ndipo amene anamvapo ochemerera mpira ku Woodlands kapena ku Nkoloma akunyoza timu ya alendo aiona yozizira.

Yomaliza, Jackson Park Express, ndi ya mphindi 9, ndipo ndiyo yabwino kuposa zonse. Dzinalo ndi la basi ya mumzinda wa Chicago. Mwamuna wakhala m'basi, mkazi wosamudziwa wakwera n'kukhala moyang'anana naye, ndipo palibe amene walankhula ngakhale liwu limodzi. Koma mkaziyo akangophethira, kukanda pamphuno kapena kuyang'ana pawindo, mwamunayo amamasulira yekha m'mutu kuti akutanthauza zakutizakuti. Mmenemo amafunsirana, amakondana, amakangana, amasiyana, zonse m'mutu mwa munthu mmodzi, mpaka mkazi uja atsika pa siteji yake osadziwa kuti anali pa chibwenzi. Kaimbidwe ndi ka Cat Stevens, gitala ndi piyano zoyamba pansipansi, kukwera mpaka kudzaza chipinda, kenako kutsikanso. Monga woimba ndinachita nsanje ndi mmene anaimangira, chifukwa kusunga munthu mphindi 9 pa nthabwala imodzi pamafunika kuti zoimbira zizisintha nkhani ikamasintha, ndipo apa zimatero. Kwa ife okwera maminibasi a ku Kulima Tower, othinana anayi pa mpando, maondo ali pa msana wa mnzako, nkhaniyi sifuna kumasulira. Kungoti kuno kondakitala akanaidula pakati ndi kufunsa ndalama. Chenjezo kwa makolo: pakati pake maganizo a mwamunayo amafika pena poopsa ndithu, pa zonena za munthu wosokonekera mutu. Mkuluyu satukwana, ndipo chimbale chonse mungaike ana ali pomwepo, koma pa iyi mwana wanga wamkazi anandifunsa funso limene ndinasowa poyambira.

Polka ija, NOW That's What I Call Polka!, ndi mwambo wake pafupifupi pa chimbale chilichonse. Amatenga makolasi a nyimbo zotchuka, mawu osasintha, n'kuwathamangitsa pa akodiyoni ndi malipenga: Wrecking Ball, Gangnam Style, Call Me Maybe, Thrift Shop, Get Lucky ndi zina. Lero imamveka ngati kaundula wa zimene tinkavina mu 2012 ndi 2013. Tinaiyesapo pa ukwati wina nthawi ya chakudya. Ana anadumphadumpha, azimayi a komiti anatiyang'ana, ndipo sitinabwerezenso.

Chimbalechi chinagulidwa makope oposa 100,000 sabata yoyamba ndipo chinakhala choyamba cha Yankovic kufika pa nambala 1 pa mndandanda wa zimbale wa ku America wa Billboard 200, zimene chimbale cha nthabwala chinali chisanachite kuyambira mu 1963. Mu 2015 chinapata Grammy ya chimbale cha nthabwala chopambana. Chinathandiza kwambiri ndi nzeru yotulutsa mavidiyo 8 m'masiku 8 otsatizana, lililonse pa tsamba lina la pa intaneti. Chinalinso chomaliza pa mgwirizano wake wa zaka 32 ndi kampani yojambula nyimbo, ndipo iye ananena kuti kudikira kuti nyimbo zikwane chimbale kumachedwetsa, poti pa YouTube ena amakhala atatembenuza kale nyimbo yomweyo sabata imene yatuluka. Kuyambira pamenepo amangotulutsa imodziimodzi.

CD musavutike kuifunafuna m'mashopu a ku Manda Hill kapena ku Kamwala. Chili pa Spotify ndi pa YouTube. Ngati bandulo ndi yochepa, yambani ndi mavidiyo a Foil ndi Tacky, kenako Word Crimes chifukwa vidiyo yake imalemba mawu onse pa sikirini, ndipo popanda kuwaona theka limakudutsani. Zinazo mverani ndi mahedifoni, mawu ake mutawatsegula pa foni, makamaka Jackson Park Express. Pa sipika ya pa phwando musayese. Anthu amamva chiyambi cha Happy, amanyamuka kukavina, kenako amaima pakati pa holo n'kumayang'ana DJ kuti waika chiyani.